Bedi la Munthu Mmodzi

Bedilo linatha kalekale. Linapalidwa, linapakidwa vanishi, linauma mpaka fungo lonse linachoka, koma mwini wake sanalitenge. Linangoima chotsamira khoma kumapeto kwa shedi ya kalipentala, litafunditsidwa chinsalu chakale, ndipo Loweruka lililonse mwini wakeyo ankabwera kudzaliona ngati m'bale amene wagonekedwa m'chipatala.

Mwini wake anali Kamthunzi. Dzinali anamupatsa ndi anthu a mumsewu wakwawo, chifukwa kuyambira ali mwana, kumene kwaonekera mayi ake iye amakhala ali pambuyo. Tsopano anali mkazi wamkulu, wa ntchito yake yogulitsa mankhwala ku famase, zaka makumi atatu atazidutsa kale, koma dzinalo linamukakamira. Panalinso chinthu chimodzi chimene ngakhale akatswiri a miseche mumsewumo sankachidziwa: Kamthunzi ankagonabe bedi limodzi ndi mayi ake. Zinayamba bambo ake atamwalira, iye ali ku sekondale. Ankati ndi za masiku a maliro okha. Maliro anatha, zaka zinadutsa, bedi lake lakale linapita kwa msuweni, chipinda chake chinasanduka mosungira masutikesi ndi mipando yothyoka, ndipo nkhani yobwerera kuchipindako sinatuluke pakamwa pa aliyense.

"A kasitomala afika," anatero kalipentala Loweruka limenelo, osadzutsa mutu pathabwa limene ankapala. "Odwala anu ali bwino. Agona tulo tabwino, sanadandaule kalikonse."

"Mwayamba kale," anatero Kamthunzi, akukhala pakampando kamene aliyense pashedipo ankadziwa kuti ndi kake.

Kalipentalayo anali mwamuna wamtali, wosapupuluma pa chilichonse, pensulo ili kukhutu tsiku lonse. Tsiku limene Kamthunzi anabwera koyamba, anamufunsa kuti, "Bedi la anthu angati?" Iye anayankha mokweza kuposa mmene ankafunira kuti, "La munthu mmodzi!" moti onse awiri anaphulika kuseka. Chikondi chinalowera pomwepo, mwakachetechete ngati chiswe m'thabwa, ndipo pamene ankazindikira chinali chitadya kale mbali yaikulu.

"Kwabweranso munthu wolifuna," anatero kalipentala.

"Ndani?"

"Wa penti uja."

Kamthunzi anayang'ana tsidya la msewu. Shopu ya penti inali moyang'anana ndi shediyo, ndipo mwini wake, mkazi amene anyamata a m'deralo ankamutcha Vanishi chifukwa cha mmene nkhope yake inkanyezimirira mafuta, anali ataima pakhomo akunamizira kupukuta zitini zopanda fumbi.

"Akufuna bedi kapena akufuna wopanga bedi?"

"Zimenezo sindinawafunse."

"Muwafunse."

Kalipentala anaseka pang'ono, kenaka anasiya thabwa lija n'kudzakhala pansi pafupi naye. Kuseri kwa shediyo kunali kanyumba kake ka zipinda ziwiri. Miyezi yapitayi anali akukakonza pang'onopang'ono, ndipo zenera latsopano analiika mbali ya kum'mawa chifukwa Kamthunzi ananena tsiku lina kuti amakonda kudzutsidwa ndi dzuwa. Kamthunzi ankakalota kanyumbako masana dzuwa likuswa mtengo. Sankalota zambiri ayi, ankangolota chitseko chimene angatseke yekha popanda wina kufunsa kuti watsekeranji.

"Ine sindikudandaula za malo amene bedi likutenga," anatero kalipentala motsitsa mawu. "Ndikungoganiza. Munthu amene akulephera kuwauza mayi ake za bedi, za ine adzawauza liti?"

"Ndiwauza."

"Mwezi watha munatero."

"Simuwadziwa amayi anga inu."

"N'zoona, sindiwadziwa. Ndi chimene ndikupemphacho. Anga anandisiya ndisanadziwe ndi kumanga nsapato komwe, ndiye mayi aliyense ine sindimuopa, ndimamusirira."

Kamthunzi ankamukonda munthuyo, ndipo chinamupweteka kuti ankanena zoona.

*

Anawapeza mayi ake ali pakhonde, pamalo pawo pa nthawi zonse pamene amaonera msewu wonse mpaka pokwerera basi.

"Kumsika kwa masiku ano kwatalikira," anatero mayiwo asanalandire ndi moni yemwe.

"Kunali anthu ambiri, Amayi."

"Anthu ambiri, jumbo yopepuka chonchi? Bwera undisisite miyendoyi, yakhala ikundibaya kuyambira m'mawa."

Kamthunzi anatenga kabotolo ka mafuta n'kukhala pansi. Ntchitoyi ankaidziwa ngakhale atatsinzina. Mayi ake anali munthu wamfupi, wa maso akuthwa, amene anamulera yekha posoka makatani a anthu mpaka maso anayamba kufooka. Sanadyepo chakudya mwana wawo asanabwere. Mvula ikayamba iye ali ku ntchito, ankawapeza pokwerera basi atanyamula maambulera awiri. Koma mayi omwewo ndi amene ankati akamuona wavala bwino amati, "Lero tikukaonetsa ndani?" ndipo mnyamata aliyense amene anayesapo kuima pageti anabwerera atafunsidwa mafunso mpaka kuiwala chimene wabwerera. Chikondi chawo chinali ngati bulangete la m'nyengo yotentha, ukalifunda thukuta, ukalichotsa umadzimva wosayamika.

"Ukununkha utuchi," anatero mayiwo mwadzidzidzi.

Manja a Kamthunzi anaima. "Ndadutsa njira ya kwa opala matabwa."

"Mm."

Kamthunzi anakoka mpweya, n'kulimba mtima.

"Amayi, chipinda chija chili ndi katundu chija. Ndimaganiza kuti nditachikonza..."

"Uchikonzere ndani? Kukubwera alendo?"

"Ayi, ndimangoti... mwina inu mumavutika. Paja mumati ndimakumenyani mateche kutulo."

"Mateche ako ndinawazolowera uli m'mimba," anatero mayiwo. "Ndikadandaula tsopano? Sisita apa, pa bondo. Waona mwana wa neba uja? Dzulo wabwera ndi galimoto kudzaona mayi ake. Wakhala kanthawi kongomwera madzi, uyo wapita. Mayi ake atsala akukupiza dzanja galimoto itakhota kale. Ine ndinati, Mulungu, zikomo kuti wanga si wotero."

Anamusisita mutu ndi dzanja lofunda, ndipo mawu onse amene Kamthunzi anakonza anabwerera kumene anachokera.

Foni yake inalira m'thumba. Unali uthenga wa kalipentala, ndipo anauwerenga ali kukhitchini, akudikira madzi a tiyi.

"Mwawauza?"

"Ndinayamba."

"Mwafika pati?"

"Pa bondo."

"Sindikumva."

"Ngakhale ine."

Patapita kanthawi uthenga wina unalowa. "Musadandaule. Thabwa labwino limauma pang'onopang'ono. Koma musalisiye pamvula."

*

Lachitatu masana, akutsika basi pochokera ku ntchito, anamva munthu akumuitana ndi mawu otsekemera ngati a wogulitsa mankhwala a chilichonse.

"Achemwali! Achemwali a bedi!"

Anali Vanishi, nkhope ili waliwali, chikwama chili m'khwapa.

"Zabwino zonse, achemwali," anatero asanayandikire n'komwe. "Ine ndiye ndasangalala. Mayi anu ndi munthu wabwino bwanji! Waulemu, wodziwa kucheza."

"Mwawaona kuti amayi anga?" anafunsa Kamthunzi.

"Kwanu komwe. Ndimapereka penti kwa kasitomala mumsewu wanu uja, ndiye ndinati ndingadutse bwanji osapereka moni. Ndawayamikira kuti mwana wanu ali ndi diso, bedi limene anapangitsa lija anthu tonse timalisirira. Ndiye ndinadabwa akundifunsa kuti bedi liti." Anagwira pakamwa. "Kodi sankadziwa? Mayo ine, pakamwa pangapa! Miyezi yonseyi mukubwera Loweruka lililonse, ine ndimayesa nkhani inafika kale kwa akuluakulu."

"Mwachita dala."

"Dala chani, achemwali? Ine ndi munthu wa bizinesi. Ndikaona katundu wabwino akungokhala, wina osamutenga, wina osaloledwa kumutenga, mtima umandiwawa. Mwamuna uja ndi wofatsa, koma kufatsa si kupusa. Adzatopa."

Kamthunzi anali ndi mawu ambiri oti amubwezere, ena oti sanganenedwe pamsewu, koma miyendo inali itayamba kale kuthamangira kunyumba.

Pakhonde panalibe munthu. Chitseko chinali chokhoma, ndipo kiyi anali pansi pa mphika wa maluwa. Mayi ake, amene sankapita ngakhale kokagula machesi osamuuza, anali atachoka. Nsapato zawo zoyendera panalibe.

*

Dzuwa litapendeka, kagalimoto ka katundu kanaima pageti. Kutsogolo kunatsika mayi ake, atavala diresi lawo la kutchalitchi. Kumbuyo kunatsika kalipentala, atagwirira bedi kuti lisagwe, nkhope yake ikuoneka ngati ya mwana wasukulu amene wagwidwa ndi ahedi koma sakudziwa ngati akukalangidwa kapena kukapatsidwa mphatso.

"Waimiranji ngati mtengo?" anatero mayiwo. "Katulutse masutikesi m'chipinda chija. Katundu wa anthu sangamakhale kushedi ngati mwini wake alibe kwawo."

Sanakalipe. Chimenechi ndi chimene chinamuopsa Kamthunzi kuposa china chilichonse. Anasesa okha chipindacho, analoza pamene bedi liikidwe, anatulutsa matiresi a alendo ndi nsalu zatsopano zimene zinakhala m'sutikesi zaka zambiri. Kenaka anamukhazika kalipentala pabalaza n'kumupatsa tiyi m'kapu ya malemu bambo, imene Kamthunzi sanaionepo m'manja mwa munthu wina.

"Makolo ali kuti, bambo?"

"Bambo alipo, Amayi, koma ali kutali. Mayi anamwalira ndili wamng'ono."

"Anakulera ndani?"

"Uku ndi uku, Amayi. Kwa azakhali, kwa amalume, kumene kwapezeka malo."

"N'chifukwa chake kolala ya malayayi yatha chonchi wopanda wokuuza. Udzabwere nayo ndidzaitembenuze. Thira shuga wina, mwananga, usachite manyazi."

Kamthunzi anaona mmene mawu oti mwananga anamulowera munthuyo. Anameza tiyi movutika, maso ali pansi, akumwetulira ngati wapatsidwa dziko lonse.

Kalipentala atachoka, nyumba inakhala zii. Mayi anatsuka makapu, ndipo Kamthunzi anaima pakhomo la khitchini.

"Amayi, pepani. Ndimafuna kukuuzani."

"Unkafuna. Koma ndamva kwa munthu wonyezimira ngati poto watsopano, amene sindikumudziwa ndi dzina lomwe. Ndachita manyazi, mwananga. Wandifunsa kuti kodi mayi simukudziwa, ine n'kumangoseka ngati chitsiru."

"Ndinkaopa kukukhumudwitsani."

"Ndine chilombo ine?"

"Ayi. Koma nthawi zonse ndikati ndiyambe, mumandiuza za mwana wa neba." Kenaka anapitiriza. "Amayi, ndimakukondani. Palibe tsiku limene ndinaiwala zimene munandichitira. Koma ndakula. Sindinagonepo ndekha chikhalire munthu wamkulu. Sindidziwa ngati ndimakonda kugona nyale ikuyaka kapena itazima, chifukwa timachita zimene inu mumakonda. Ndipo munthu ujayu ndimamukonda. Akufuna kundikwatira, inenso ndikufuna."

Mayiwo anapukuta manja pang'onopang'ono, n'kukhala pampando wa m'khitchinimo.

"Ukudziwa mmene bambo ako anapitira?"

"Munati anamwalira kutulo."

"Kutulo, eya. Tsiku limenelo ankatsokomola, ine n'kunena kuti mukundisokoneza, ndikagona pabalaza. Iwo anaseka, anati pita, mfumukazi. M'mawa ndinawapititsira madzi osamba, ndinawaitana, ndinawagwedeza. Adokotala anati ngakhale ndikanakhala pambali pawo palibe chimene ndikanachita. Mwina n'zoona. Koma ndikanamva. Munthu wapuma mpweya wake womaliza m'nyumba mwanga, ine ndili kuseri kwa khoma ndikuliza mkonono. Kuyambira pamenepo, iwe ukagona ine ndimamvetsera. Ukapuma, ndimati chabwino. Ukachedwa kupuma, ndimakugwedeza pang'ono, iwe n'kundimenya teche. Mateche akowo ndi amene amandigonetsa tulo."

Kamthunzi analira. Anagwada n'kuika mutu pamiyendo ya mayi ake, ndipo anamva chisoni chachikulu, pamodzi ndi mantha akuti chisoni chimenechi chimumanganso zaka zina khumi.

"Basi, basi," anatero mayiwo akumusisita. "Bedi labwera. Ukagone m'menemo. Sindinabereke mkaidi ine."

*

Kamthunzi anagona tulo tokoma, ndipo zimenezi ndi zimene zinamuchititsa manyazi m'mawa. Anadzuka atatambasula manja ndi miyendo mbali zonse, bulangete lili pansi, wopanda womufunditsa. Anakhala kanthawi akungoyang'ana kudenga, akumwetulira yekha.

Atatsegula chitseko anatsala pang'ono kuwaponda. Mayi ake anali atagona pamkeka pakhomo penipeni pa chipindacho, atadzipinda, mutu uli chakuchitseko.

"Amayi!"

Anadzidzimuka n'kuyamba kupinda mkeka mofulumira. "M'chipinda muja mukutentha. Pano pakupita kamphepo."

"Simenti yozizirayi, ndi miyendo yanuyo?"

"Miyendo ndi yanga. Kasambe, uchedwa."

Tsiku lotsatira zinali chimodzimodzi, linzakelonso chimodzimodzi. Kamthunzi anayesa kusiya chitseko chotsegula pang'ono, koma mphepo inkachikankha n'kutseka. Anawapempha, anawanyengerera, anawaopseza kuti akawanenera kwa adokotala. Mayiwo ankangoti kukutentha, ngakhale tsiku limene kunagwa mvula. Pofika kumapeto kwa sabata ankayenda chotsimphina, akugwira khoma.

Anamulembera kalipentala. "Akugona pakhomo panga, pansi. Ndikabwerera kubedi kwawo ndiye kuti sindidzatulukanso. Ndikapanda kubwerera, ndiwapha ndi chibayo."

"Apatseni nthawi. Azolowera."

"Nanga tsiku limene ndidzasamukire kwanu adzagona pati? Pamsewu?"

Yankho linachedwa. Litabwera linali lalifupi. "Andiitana mawa kuti ndibweretse malaya aja. Tikambirana. Siyirani ine."

Kamthunzi anamva mtima kupepuka. Anaganiza kuti mwina mawu a mlendo adzalowa pamene ake akhala akulephera, poti munthuyo ankadziwa kulankhula mofatsa ngakhale ndi kasitomala wolusa.

*

Loweruka anaweruka masana. Ali pageti anamva kuseka m'nyumba, kuseka kwa mayi ake kwenikweni kumene anali asanakumve kwa nthawi yaitali. Anamvanso kugogoda kwa hamala. Analowa akumwetulira.

Kalipentala anali atagwada pakhomo la chipinda chake chija, atavala malaya a kolala yotembenuzidwa bwino, akumasula mahinjesi. Ya m'munsi inali itachoka kale. Mayi anali atakhala pampando pambali pake, zomangira zili m'dzanja lawo ngati mtedza.

"Wabwera nthawi yabwino," anatero mayiwo. "Mwana uyu ali ndi nzeru. Mkamwini wa anthu ameneyu."

"Chikuchitika n'chiyani?"

Kalipentala anaimirira, nkhope yonse ili chimwemwe. "Avomera! Amayi avomera. Akuti ndiuze akwathu abwere, tiyambe kukonza za ukwati."

Kamthunzi anayang'ana mayi ake. Iwo anagwedeza mutu, maso ali ndi misozi, ndipo kwa kanthawi kochepa iye anamva chisangalalo chikukwera mpaka kukhosi. Kenaka maso ake anabwerera pachitseko chimene chinali chikulendewera pa hinjesi imodzi.

"Nanga chitsekochi chalakwa chiyani?"

"Nzeru ija ndi imeneyo," anatero kalipentala. "Vuto si bedi, vuto ndi chitseko. Chikachoka, tiika katani. Zipindazi zayang'anana, ndiye Amayi akagona kubedi kwawo azikumvani bwinobwino. Sagonanso pansi."

"Kataniyo ndisoka ndekha," anatero mayi. "Nsalu ilipo, yokhuthala bwino."

"Kwa miyezi yochepa yomweyi," anatero Kamthunzi pang'onopang'ono, akuyang'ana mwamunayo. "Mpaka ukwati. Si choncho?"

Kalipentala anakanda kumutu ndi pensulo. "Ndi zimene takambiranazo. Taona kuti nyumba ino ndi yaikulu, anthu awiri okha. Kuwasiya Amayi okha sizingatheke, inunso munanena. Ndiye ine ndibwera kuno. Bedi ili ndilikulitsa, ndi ntchito ya tsiku limodzi."

"Mubwera kuno."

"Eya."

"M'chipinda chino. Cha katani."

Anayamba kuona kuti pali chimene chalakwika, koma sanadziwe kuti chili pati. "Ndimayesa musangalala. Simusiyana ndi mayi anu, ine ndapeza mayi, tonse tili pamodzi."

"Nanga kanyumba kaja? Zenera lija?"

"Sikakhala kopanda munthu. Wa penti uja wakhala akufunsa malo ogona pafupi ndi shopu yake. Ndamuimbira, akuti alowa mwezi ukatha."

Kamthunzi anaseka, koma kuseka kwake sikunali kwabwino. Anaika chikwama pansi mosamala. Anthu awiri amene ankawakonda kuposa onse padziko anali atakhala pansi masana amodzi, ndi tiyi, n'kumukonzera moyo wake wonse mwachikondi, ndipo panalibe mmodzi amene anaganiza zodikira kuti aweruke.

"Mwawafunsa amayi, avomera," anatero. "Mwamufunsa wa penti, wavomera. Ine munandifunsa?"

"Ndimati..."

"Tsiku loyamba lija munandifunsa kuti bedi la anthu angati. Tsiku limenelo munkadziwa kufunsa. Bwezerani chitsekocho."

Hinjesi yotsala ija inalira, chitseko chinapendekeka, ndipo kalipentala anachigwira msanga ndi manja awiri kuti chisagwe. Anaima choncho atachikumbatira, akuyang'ana uku ndi uku.

Mayi anadzuka pampando movutika, dzanja lili pabondo. Sanakwiye. Anayenda chotsimphina mpaka pamene panali mwana wawo, anatenga dzanja lake, analitambasula, n'kukhuthuliramo zomangira zija. Zinali zofunda chifukwa chokhalitsa m'manja mwawo.

"Chitseko n'chako, mwananga," anatero mofatsa. "Ukafuna chibwerere, mupatse wekha zomangirazi. Ine mkeka wanga sindinautaye."

Kamthunzi anayang'ana m'dzanja lake, anayang'ana miyendo yotupa ya mayi ake, n'kuyang'ananso mwamuna amene thukuta linali litayamba kutsika pachipumi chifukwa cha kulemera kwa thabwalo.

"Chikulemera," anatero kalipentala motsitsa mawu. "Ndiuzeni. Ndichiike pansi kapena ndichibwezere?"